Titaniyamu ikamapsereza mabiti, kukana kuwala ndi kutuluka mawanga

Biti yachitatu ya dirilo itapsa m'mawa umodzi, ndinakhala pa chitsa kuseri kwa nyumba ku Kapata n'kuyamba kuwerengera makwacha amene ndataya. Ndinkaboola kachidutswa ka titaniyamu, chitsulo chopepuka koma cholimba, kokhuthala mamilimita 8 kuti ndipange mphete. Dirilo yomweyo dzulo lake inali itaboola geti lachitsulo osadandaula. Lero biti inkangolowa pang'ono, n'kuyamba kulira tswii, kunsonga n'kuda bii, utsi fuu. Ndikakanikiza inkangoterera ngati ndikuboola botolo.

Madala ena oyandikana nawo nyumba, amene pa unyamata wawo anagwirako makina a lathe, opalira zitsulo mozunguza, ku migodi ya ku Copperbelt, anasuzumira pa mpanda atamva kulirako. Anatola biti imodzi, kuiyang'ana padzuwa, n'kuseka.

"Mwana wanga, apa sukuboola ayi. Ukupekesa moto."

"Nanga nditani, atate? Dirilo ndaithamangitsa mpaka pomaliza."

"Pomwepo ndiye pali mlandu."

Mawu aja ndawakumbukira pa vuto lililonse limene chitsulochi chandipatsa, kaya poboola, popala, potentha kapena popukuta. Titaniyamu siyendetsa bwino kutentha. Mukamaboola chitsulo wamba, kutentha kumamwazikira m'chitsulo chonse ndipo kwina kumachoka ndi nyenyeswa. Titaniyamu ya mtundu wolimba wotchedwa Grade 5 imayendetsa kutentha mochepa pafupifupi kasanu ndi kawiri poyerekeza ndi chitsulo wamba, ndipo mochepa koposa ka 30 poyerekeza ndi aluminiyamu weniweni. Motero moto wonse umaunjikana pa kansonga ka biti. Yesani nokha: gundikizani mbali imodzi ya kandodo ka titaniyamu pa girayinda. Kumene mwagwira kukhala kozizira, koma mukakhudza kumene mumanola, chala chituluka chithuza.

Yambani mwatsimikiza kuti ndi titaniyamudi

Kuno ku Chipata titaniyamu si chinthu chongolowa m'shopu ya hadiweya ku Down Shops n'kutola. Ambiri timaiitanitsa pa intaneti, imafikira ku Lusaka, n'kubwera pa basi kudzera mu Great East Road. Ena amaitola pa zinthu zakale: mafulemu a magalasi a m'maso, zigoba za mawotchi, mabawuti a njinga zampikisano, mitu ya ndodo za gofu. Podikira katundu milungu ingapo, kupusitsidwa n'kosavuta.

Maginito saigwira, koma aluminiyamu ndi stainless yambiri sagwiranso, choncho maginito okha sakwanira. Girayinda ndiyo imaulula. Titaniyamu imatulutsa nthethe zoyera mbee, zothobwa m'maso. Chitsulo wamba chimatulutsa zachikasu kapena zofiirira, aluminiyamu satulutsa n'komwe. Kulemera kwake kuli pakati: magalamu 4.5 pa sentimita imodzi mbali zonse, pamene chitsulo wamba ndi pafupifupi 7.8, aluminiyamu 2.7. M'manja imamveka yopepuka kuposa mmene ikuonekera.

Dziwaninso mtundu wake. Grade 2 ndi titaniyamu pafupifupi yokhayokha, yofewerapo, yosavuta kupinda ndi kupala. Grade 5, imene amalembanso kuti Ti-6Al-4V, ili ndi magawo 6 pa 100 a aluminiyamu ndi magawo 4 a vanadium, ndipo ndi yolimba pafupifupi kuwirikiza katatu. Amene mukungoyamba ndolo, mphete ndi tokolowekera makiyi, itanitsani Grade 2. Ine ndinayamba ndi Grade 5 chifukwa chomva kuti ndi ya ndege, ndipo mabiti atatu aja analipira kudzitamako.

Biti ikulira, ikuda, sikulowa

Apa pali zinthu zitatu zimene zimagwirana manja. Choyamba ndi kutentha kuja. Chachiwiri, titaniyamu ikakwechedwa m'malo modulidwa, khungu lake lapamwamba limauma n'kulimba kuposa mkati. Biti yobuntha ikazungulira kamphindi osaluma, yadzipangira yokha mwala woti ilephere kuboola. Chachitatu, chitsulochi chimamatirira ku chida: tizidutswa timawotcherereka pa mano a biti, kenako timathothoka pamodzi ndi kachibenthu ka dzino.

Mankhwala ake amaoneka ngati osemphana ndi nzeru: zungulirani pang'onopang'ono koma kanikizani ndi mphamvu. Pa Grade 5, biti ya mamilimita 3 isapitirire kuzungulira pafupifupi ka 1,000 pa mphindi, ya 6 pafupifupi 500, ya 10 pafupifupi 300. Madirilo ambiri a m'manja amafika 2,500 kapena kuposa, ndiye mukafinya batani mpaka pansi mwapsereza kale. Ngati muli ndi dirilo yoima, tsegulani chivundikiro cha pamwamba, sunthani lamba apite pa liwiro lotsikitsitsa. Chizindikiro choti zikuyenda ndi nyenyeswa zotuluka zopotana ngati mphukira za dzungu, zoyera ngati siliva. Zikayamba kutuluka zaufa, kapena zabuluu, imani.

Biti ikhale ya cobalt, yolembedwa M35 kapena M42, yansonga ya madigiri 135, yatsopano kapena yongonoledwa kumene. Mabiti achikasu olembedwa kuti "titanium" pa paketi asakunyengeni. Ndi chitsulo wamba chobooleracho, angochikuta kakhungu kagolide pamwamba, ndipo dzinalo silitanthauza kuti amaboola titaniyamu. Ikhalenso yaifupi, chifukwa yaitali imanjenjemera. Thirani mafuta odulira osaumira, koma pewani okhala ndi chlorine, makamaka ngati chinthucho mudzachitenthe. Lowani pang'ono, tulutsani biti yonse kuti nyenyeswa zichoke, thirani mafuta, lowaninso molimba mtima. Cholakwa chachikulu ndi kuima pakati biti ikuzungulira itakhudza pansi pa bowo.

Ndipo pali vuto la kwathu kuno. Magetsi akathima biti ili m'kati, musaisiye momwemo kuti mudzapitirize akayaka. Titaniyamu imafwamphuka ngati mphira: imapindika kuwirikiza kawiri kuposa chitsulo wamba pa mphamvu yofanana, kenako n'kubwerera. Bowo limatseka pang'ono n'kuifinya biti. Itulutseni pomwepo ikadali yotentha, mukuizunguza ndi dzanja, apo ayi magetsi akabwera ithyokera m'menemo.

Nanga bowo limene lauma kale? Biti ija musaibwezeremo. Tengani yatsopano, thirani mafuta, kanikizani kwambiri kuti ilume pansi pa khungu lolimbalo pa kuzungulira koyamba. Zikakanika, tembenuzani chidutswacho muboole kuchokera kuseri, kapena gwiritsani biti ya carbide pa dirilo yoima yokha, chifukwa m'manja imathyoka ngati bisiketi. Mphete yanga ija ndinaipulumutsa poboola kuseri.

Tapu yathyokera m'bowo

N'kufwamphuka komwe kuja. Tapu ndi chida chodulira mazinga a bawuti m'bowo, ndipo mazingawo amabwerera n'kuigwira tapu pakhosi. Boolani bowo lokulirapo pang'ono: pa bawuti ya M6, m'malo mwa mamilimita 5.0 boolani 5.2. Mazinga akhalabe olimba mokwanira pa ntchito zathu zazing'onozi. Potani theka, bwererani, thirani mafuta, ndipo ikangolira kwii musaikakamize. Mukamamanga bawuti ya titaniyamu mu nati ya titaniyamu, pakani girisi woletsa kumatirira. Zouma zimagwirana mpaka muyaya.

Pa sowo, tupa ndi lathe

Sowo yodulira zitsulo imadula, bola lumo likhale latsopano lamtundu wa bi-metal, ndipo mukoke mtunda wonse modekha, osati kwechekweche wofulumira. Tupa imadzaza msanga. Ipakeni choko cha kusukulu ndipo muziisasa pafupipafupi, chifukwa kachidutswa kamodzi kokakamira m'mano kamalemba mzere wakuya umene mudzalimbana nawo madzulo onse.

Amene mumabwereka lathe kwa anzanu a zopalapala, malamulo ndi omwewo. Chida chakuthwa, chokhala pakatikati penipeni, chosatulukira kutali. Kandodo kaatali kachirikizeni kumapeto, apo ayi kamathawa chida n'kuyamba kunjenjemera, ndipo mutuluka ndi chinthu chonenepa pakati. Ndi chida cha carbide, Grade 5 imafuna liwiro lodulira la mamita 40 mpaka 60 pa mphindi. Ndi chida wamba cha chitsulo chodulira chotchedwa HSS, 10 mpaka 15. Musamapale mwamantha tochepatochepa, chifukwa mukungoumitsa khungu. Kudula kulikonse kulowe pansi pa pamene kudula kwam'mbuyo kunaumitsa.

Nyenyeswa zayaka

Ichi ndichedwepo, chifukwa mabiti amagulidwa ena, nyumba ayi. Chidutswa chachikulu cha titaniyamu sichiyaka. Nyenyeswa zopyapyala ndi fumbi la pa girayinda ndiye zimayaka, moto woyera wothobwa ngati wa wowotcherera. Tsiku lina ndinasesera nyenyeswa pakona, pafupi ndi girayinda, n'kuyamba kunola kasemasema. Nthethe imodzi inagwera pa kamuluko. Palibe lawi lalitali, kungoti phwii kuwala kumene sindinathe kukuyang'ana. Mphwanga wa kwa alongo anga anathamangira chidebe cha madzi.

"Malume, ndithire?"

"Iwe, siya! Bweretsa mchenga!"

Madzi pa moto wa titaniyamu amasweka n'kutulutsa hydrogen, ndipo moto umaphulika n'kumwazika. Chozimitsira cha carbon dioxide sichithandizanso, pakuti titaniyamu yotentha kwambiri imayaka ngakhale mu mpweya umenewo. Chofunika ndi mchenga wouma gwaa, kapena chozimitsira moto wa zitsulo, cha Class D. Kukwirira, n'kusiya kuti zizizire zokha. M'dzinja mchenga wa panja umakhala wonyowa, choncho wanga ndimausunga m'chidebe chovundikira m'kati. Nyenyeswa muzizisesa tsiku lililonse n'kuika m'chitini chachitsulo chotseka, kutali ndi girayinda, ndipo musazisakanize ndi fumbi la dzimbiri. Pansi pa benchi pasakhale utuchi kapena makatoni.

"Ndaiwotcha mpaka kufiira, ndaiviika m'madzi, koma mpeni sukuthwa"

Funso ili limachokera kwa amene anazolowera kusula. Amisiri athu a ku Katete ndi ku Chadiza amatenga sipuling'i ya galimoto, kuiwotcha pa makala, kuisula nkhwangwa, kuiviika, ndipo imatema mitengo zaka zambiri. Zimatheka chifukwa cha carbon wa m'chitsulo chija. Titaniyamu ilibe khalidwe limenelo. Grade 2 siumitsidwa ndi moto n'komwe. Grade 5 imalimbako ndithu, koma pamafunika ng'anjo yoyeza bwino: kuitentha pafupifupi madigiri 955, kuiviika msanga, kenako kuisunga maola angapo pakati pa 480 ndi 595. Ngakhale mutatero imangochoka pa 36 kufika cha m'ma 40 pa muyeso wa kulimba wa Rockwell, pamene mpeni wabwino wachitsulo umakhala 58 kapena 60. Mpeni wa titaniyamu suchita dzimbiri, koma umabuntha msanga. Pangirani chigwiriro, lumo likhale lachitsulo.

Choipa kwambiri n'chakuti kuifiiritsa pa mbaula kapena pa lawi la gasi kumaiwononga. Ikapyola madigiri 600, titaniyamu imayamba kumwa oxygen wa mu mpweya, ndipo ikamatentherabe imamwanso nitrogen. Pamwamba pamapangika khungu lolimba koma lophweka kusweka, limene akatswiri amati alpha case. Mudzalidziwa ndi maonekedwe otuwa kapena oyera ngati phulusa, tupa n'kumangoterera, ndipo mukapinda timing'alu timayambira pomwepo. Lawi la gasi limathanso kulowetsa hydrogen, amene amachititsa kuti chitsulo chizithyoka mwadzidzidzi. Ngati chinthucho n'chokhuthala, palani khungu lonselo mpaka muone chitsulo choyera. Ngati ndi waya kapena kapepala kopyapyala, tayani.

Chifukwa chomwecho, musapite nayo kwa wowotcherera mageti. Ndodo za magetsi wamba ndi gasi wa acetylene zimasiya mfundo yothyoka ndi dzanja. Imafuna makina owotcherera a TIG ndi mpweya wa argon wophimba kutsogolo ndi kuseri komwe. Mfundo yabwino imakhala yasiliva kapena ngati udzu wouma. Yabuluu ndi yokayikitsa, yotuwa kapena yoyera ndi yotaya.

Popinda Grade 2, pindani yozizira, mopyoza pang'ono pamene mukufuna chifukwa ibwerera, ndipo pakona pakhale pozungulira osati pakuthwa.

Mtundu ukutuluka wamawangamawanga

Anthu ambiri amaikondera titaniyamu mitundu yake, ndipo mulibe penti m'menemo. Ndi kakhungu ka oxide kopyapyala kwambiri kamene kamasewera ndi kuwala, monga utawaleza umene mumauona pa chithaphwi chimene mwadonthera dizilo ku siteshoni ya mabasi. Kakhunguko kakamakhuthala mtundu umasintha. Pa moto umayamba ngati udzu wouma, kenako wofiirira, wapepo ngati bilinganya, wabuluu, wabuluu wotumbuluka, ndipo mukapitiriza umafera ku kutuwa. Zonsezi zimachitika cha m'ma madigiri 400 mpaka 500, chitsulo chisanafiire.

Mawanga amabwera ndi zinthu ziwiri. Mafuta a zala ndiwo oyamba: ndinatenthapo ndolo ina n'kutulukapo chidindo cha chala changa chachikulu chooneka bwino kuposa cha pa chitupa. Tsukani ndi sopo, pukutani ndi asitoni kapena sipiriti, kenako muzigwira ndi pulayala yoyera basi. Chachiwiri ndi kutentha kosayenda kuja. Pamene lawi laima mpomwe pamathamanga, pambali pakadali poyera. Lawi liziyenda, likhale patali, ndipo lichotseni mtundu umene mukufuna usanafike, chifukwa umapitirirabe pang'ono. Chitani pamthunzi, pa dzuwa la Okutobala simuona kanthu mpaka mutapyola. Mukapyola palibe kubwerera, koma kupala ndi kuyambanso.

Ine ndinasiya moto n'kuyamba magetsi, chifukwa mtundu umamvera mavoliti. Sungunulani supuni ya soda, yemweyu wophikira delele, m'kapu yapulasitiki ya madzi oyera, makamaka a distilled ogulitsa a mabatire a galimoto. Lumikizani mabatire a mavoliti 9 motsatizana. Waya wa + upite ku titaniyamu, wa − ku supuni ya stainless yoviikidwa m'madzimo, ziwirizi zisakhudzane. Batire limodzi limapereka mtundu wamkuwa wotumbuluka, awiri wapepo, atatu wabuluu. Cha m'ma 55 mpaka 60 kumabwera golide, kupitirira apo pinki, ndipo wobiriwira amafuna cha m'ma 90 kapena kuposa. Wofiira weniweni kulibe, musavutike. Mtundu ukakana kutuluka, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti kopanira kachitsulo kapena waya wamkuwa walowa m'madzi ndipo akuba magetsi onse. Chokolekera cholowa m'madzi chikhale cha titaniyamu. Musaike mchere m'malo mwa soda, umadya chitsulo ndi kutulutsa mpweya woipa. Mabatire akapitirira asanu, valani magolovesi a mphira ndipo musagwire mawaya awiri nthawi imodzi ndi manja onyowa. Tibatire tating'ono timeneti tikagwirizana timagwedeza munthu wamkulu.

Mtundu ukazilala patapita masiku, tsukani kaye ndi sopo musanadandaule. Nthawi zambiri ndi mafuta a thupi chabe. Koma pa mphete yovala tsiku lililonse, yochapira ndi kupalira moto, mtunduwo udzapalika ndithu. N'chifukwa chake ndimauika m'timizere tolowa m'kati, pamwamba n'kusiya poyera.

Ndapukuta tsiku lonse koma sikuwala

Nawonso ndi mlandu wopekesa. Titaniyamu ikatenthedwa ndi gudumu lopukutira siichoka, imapakika ngati chiponde, n'kukwirira mikwingwirima m'malo moichotsa. Pamwamba pamaoneka ngati khungu la lalanje, kapena chifunga chotuwa chosatha. Wosazindikira amawonjezera liwiro ndi kukanikiza, n'kuwonjezeranso vutolo.

Bwererani ku sandipepa yakuda ija ya m'madzi, ya silicon carbide, imene amagwiritsa ntchito opopera magalimoto penti. Yambani 220, kenako 400, 600, 800, 1200, mpaka 2000, zonse ndi madzi ndi kadontho ka sopo. Pa nambala iliyonse sinthani kolowera, kuti mikwingwirima ya yapitayo ioneke. Musachoke pa nambala imeneyo mzere umodzi wopingasa ukadalipo. Pafupifupi nthawi zonse amene wandibweretsera chinthu chokana kuwala amakhala atalumpha kuchoka pa 220 kufika pa 800, kapena wathamangira 400. Tsukani chinthucho ndi manja omwe posintha sandipepa, chifukwa kamchenga kamodzi ka 220 kamaononga ntchito ya 1200. Pa malo osalala, yalani sandipepa pa galasi n'kumayendetsa chitsulocho.

Mukafika pa gudumu lansalu, pakani sopo wopukutira wobiriwira pang'ono, gundikizani mopepuka masekondi ochepa, viikani m'madzi, bwerezani. Chikatentha moti simungachigwire, mwapyola. Gudumulo likhale la titaniyamu yokha, ndipo burashi ya waya wachitsulo isayandikire: imasiya tizitsulo tobisika timene timadzaoneka ngati madontho a dzimbiri mvula ikayamba, munthu n'kumati anakugulitsani yabodza. Valani chotchinga pamphuno ndi magalasi, ndipo fumbi la pansi pa gudumu lilowe m'chitini chija.

Dziwaninso kuti titaniyamu yopukutidwa bwino siyera ngati siliva kapena stainless. Kuwala kwake kumakhala kodera pang'ono, ngati madzi a padamu kukamada. Mphete yanga yoyamba ndinaipukuta masiku awiri ndikusaka kuyera kumene kulibe, mpaka madala aja anaitenga, kuipukuta pa malaya awo, n'kudziyang'anirapo ndevu. Anaiyesa pa chala chaching'ono, inakwana, ndipo mpaka lero akuti akuiyesabe.